Tikiti ya Chikepe cha M'phiri la Chipale: Kodi Mtengo Wake Ndi Woyenera?

Aliyense amene ali ndi foni amadziwa kusiyana kwa bandulo ya tsiku limodzi ndi ya mwezi wathunthu. Ya tsiku imaoneka yotchipa poti ndalama yotuluka m'thumba nthawi imodzi ndi yochepa. Koma mukawonkhetsa za masiku 30, mupeza kuti wogula tsiku ndi tsiku uja ndiye walipira zochuluka, pamene mnzake amene anali ndi ndalama zokwanira kugula ya mwezi wapulumutsa. Intaneti yake ndi yomweyo, kampani yake ndi yomweyo, koma mitengo ndi iwiri, ndipo wokwerawo umagwera munthu amene sanathe kulipiriratu.

Nkhani yathuyi ikuchitikira kutali, m'mapiri ozizira a ku Ulaya ndi ku America, komwe anthu amalipira kuti akwezedwe pamwamba pa phiri n'kutsika motsetsereka pa chipale chofewa. Chaka ndi chaka anthu kumeneko amakangana ngati tikiti yokwerera phiri ikugwirizana ndi ndalama zimene amatulutsa. Ena amati ndi kuba masana dzuwa likuswa mtengo, ena amati masewerawa sanatchipepo ngati lero. Chodabwitsa n'chakuti onsewa akhoza kukhala akunena za phiri limodzi, ndipo onsewa akunena zoona.

Chimene akugulitsa ndi kukwera

Chipale chofewa si matalala. Matalala ndi olimba, amagwa mwaphokoso n'kusungunuka posakhalitsa. Chipale chofewa ndi chopepuka, chimagwa mwakachetechete n'kuunjikana pansi kwa miyezi ingapo, penanso mpaka kupitirira msinkhu wa munthu. M'mapiri a Alps ku Ulaya ndi a Rocky ku America, nyengo yake imayamba cha mu Novembala kapena Disembala n'kutha mu Epulo. Wosewera amavala jombo zolimba zomangiriridwa ku timatabwa tiwiri tatitali, tosalala kunsi, totchedwa ski, n'kugwira ndodo ziwiri m'manja. Akaima pamwamba n'kudzikankha pang'ono, amatsetsereka akukhotera uku ndi uku kuti liwiro lisamuchulukire.

Kutsika phiri limapereka ulere. Vuto ndi kukwera. Mtunda umene munthu amautsika m'mphindi 10 angaukwere wapansi kwa maola awiri, mapazi akumira m'chipale, mpweya ukumuperewera. Choncho malonda onse a malowa anabadwa tsiku limene anthu anapeza makina okweza anzawo pamwamba. Mu 1934, ku Woodstock m'chigawo cha Vermont ku America, anthu anamanga chingwe chozungulira chokokedwa ndi injini ya galimoto ya Ford, osewera n'kumachigwira ndi manja kuti chiwakokere kumtunda. Chaka chomwecho ku Davos, m'dziko la Switzerland, kunatsegulidwa makina a injiniya Ernst Constam okoka munthu ndi kachitsulo kokolowekedwa kumbuyo kwake. Patapita zaka ziwiri, mu 1936, kampani ya sitima zapamtunda ya Union Pacific inatsegula malo a Sun Valley ku Idaho, ndipo injiniya wake James Curran anapanga mipando yolendewera pa chingwe chachitsulo. Nzeruyo anaitenga ku makina opakirira mikoko ya nthochi m'sitima zapamadzi: pamene pankakolowekedwa nthochi, iye anaikapo mpando.

Makina onsewa tiziwatchula kuti zikepe. Lero zilipo za mipando ya anthu anayi, asanu ndi mmodzi ngakhale asanu ndi atatu, ndiponso za tinyumba totsekeka totchedwa gondola, momwe anthu amakhala osamva mphepo. Tikiti imene tikukambayi ndi chilolezo chokwera zikepezi maulendo ochuluka monga mmene munthu angathere, kuyambira cha m'ma 9 koloko m'mawa mpaka cha m'ma 4 koloko madzulo. Kale kanali kapepala komata pa jekete. Masiku ano ndi kakhadi kokhala m'thumba, komwe geti lamagetsi limakamva n'kutseguka lokha.

Ndalama ya tikiti imapita kuti?

Tisanaweruze mtengo, tichite chilungamo kwa ogulitsa, chifukwa kuyendetsa phiri lotere kumadya ndalama zoopsa.

Chikepe chokha ndi chuma. Makampani opanga zikepe zikuluzikulu ndi owerengeka: Doppelmayr ya ku Austria, Leitner ya ku Italy ndi Poma ya ku France ndiwo odziwika kwambiri. Chikepe chamakono chimodzi chimadya madola mamiliyoni angapo. Gondola ya Peak 2 Peak yolumikiza mapiri a Whistler ndi Blackcomb ku Canada, yotalika makilomita 4.4, imene inatsegulidwa mu 2008, inadya ndalama za ku Canada pafupifupi madola 51 miliyoni. Kuyambira mu 1981, pamene malo a Breckenridge ku Colorado anaika chikepe cha mipando inayi chothamanga, alendo anazolowera liwiro. Pa chikepe chotere mpando umamasuka ku chingwe ukafika pokwerera, n'kuyenda pang'onopang'ono kuti anthu akhale bwino, kenaka umagwiranso chingwe chothamanga pafupifupi mamita 5 pa sekondi, kuwirikiza kawiri liwiro la chikepe chakale. Malo amene alibe zoterezi amaoneka otsalira, ndiye aliyense amakakamizika kugula.

Chachiwiri ndi chipale chenichenicho, chomwe masiku ano ambiri amachita kupanga. Makina ake amapopera madzi osakaniza ndi mpweya wopanikizidwa, ndipo timadontho take timaundana tisanagwe pansi, bola kunja kukhale kozizira madigiri awiri kapena kuposerapo pansi pa ziro. Kuti zimenezi zitheke pamafunika madamu okumbidwa m'phiri, mapaipi okwiriridwa makilomita ambiri, mapampu ndi magetsi ochuluka. Ku Italy, njira zotsetserekamo pafupifupi 90 pa 100 zilizonse zimatha kuthiridwa chipale chopanga chotere. Kale chipale chinali mphatso yochokera kumwamba. Lero ndi katundu wokhala ndi bilu ya madzi ndi ya magetsi.

Usiku alendo akagona, mathirakitala oyenda pa malamba achitsulo, monga a mtundu wa PistenBully, amakwera phiri kukaphwanya zibuma ndi kusalaza njira kuti m'mawa zikhale zabwino. Imodzi imagulidwa madola masauzande mazana angapo, ndipo malo aakulu amakhala nazo makumi. Mbandakucha kumatuluka gulu lina, alonda a m'phiri. Ntchito yawo yoyamba ndi kugwetsa dala chipale chimene chaunjikana moopsa m'malo otsetsereka kwambiri, nthawi zambiri pophulitsa mabomba ang'onoang'ono, kuti chisadzagumuke chokha masana n'kukwirira anthu. Masana onse amanyamula othyoka miyendo ndi ovulala mitu. Onjezanipo oyendetsa zikepe, amakaniko, inshulansi, ndi lendi ya malo, poti ku America malo a ski oposa 100, kuphatikizapo Vail, ali m'nkhalango za boma ndipo amalipira boma.

Ndalama zonsezi ziyenera kubwezedwa m'miyezi inayi kapena isanu yokha, ndipo zambiri mwa izo zimatuluka ngakhale alendo asabwere. Chikepe chimadya magetsi pafupifupi ofanana kaya chanyamula anthu 10 kaya 1,000. Mfundo imeneyi ndiyo kiyi wa zonse zotsatira: mlendo mmodzi woonjezera sawonongetsa kampani kanthu kwenikweni, koma chaka chimodzi chopanda chipale chikhoza kuigwetsa.

Mitengo iwiri ya phiri limodzi

Kwa zaka zambiri eni mapiri ankakhala ngati aliyense wodalira nyengo. Chipale chikagwa bwino anthu ankabwera, chikapanda kugwa m'thumba munkalowa mphepo. Woyamba kuonetsa njira ina anali malo ang'ono a Bogus Basin, pafupi ndi mzinda wa Boise ku Idaho. Mu 1998 mkulu wa malowa, Mike Shirley, anatsitsa tikiti ya nyengo yonse kuchoka pa madola 500 kufika pa 199, pokhapokha munthu ataigula nyengo isanayambe. Matikiti ogulitsidwa analumpha kuchoka pa osakwana 3,000 kufika pafupifupi 25,000. Ndalama zinachuluka, ndipo chofunika koposa, zinalowa chipale chisanagwe.

Patatha zaka 10, kampani yaikulu ya Vail Resorts, motsogozedwa ndi Rob Katz, inatenga nzeruyi n'kuikulitsa. Mu 2008 inatulutsa tikiti yotchedwa Epic Pass pa madola 579, yolola munthu kusewera tsiku lililonse la nyengo yonse m'mapiri onse a kampaniyo. Tikiti ya mtundu umenewu inkagulidwa madola oposa 1,800 m'mbuyomo. Kenaka kampaniyo inayamba kugula mapiri kuti tikitiyo ikhale yokoma kwambiri: Park City ku Utah mu 2014, Perisher ku Australia mu 2015, Whistler Blackcomb mu 2016, gawo lalikulu la Andermatt ku Switzerland mu 2022, ndi Crans-Montana mu 2024. Lero ili ndi malo 42, ndipo anthu oposa 2 miliyoni amagula matikiti ake olipiriratu chaka chilichonse. Mu 2018 kampani ina, Alterra Mountain Company, inayambitsa tikiti yopikisana nayo yotchedwa Ikon Pass, moti mapiri otchuka ambiri a ku America agawanika m'magulu awiriwa.

Tsopano taonani zimene zinachitikira tikiti ya tsiku limodzi yogula pawindo. Mu 2008 ku Vail sinkafika madola 100. Kumapeto kwa 2018 inadutsa 200. M'nyengo ya 2024 mpaka 2025, pa masiku a tchuthi, inafika madola 329. M'nyengo yomweyo Epic Pass, kwa amene anaigula molawirira, inali madola 982. Werengerani nokha: masiku atatu okha ogula pawindo ndi madola 987, kuposa mtengo wa nyengo yathunthu m'mapiri onse a kampaniyo. Munthu wa tikiti ya nyengo amene wasewera masiku 20 walipira madola 49 pa tsiku. Iye ndi mnzake wa madola 329 uja akhoza kukhala pampando umodzi wa chikepe, kupuma mpweya umodzi, kutsikira njira imodzi.

Kodi mtengo wa pawindowo ukuimira zimene tsikulo limadyera kampani? Ayi. Magetsi, dizilo ndi malipiro sizinakwere katatu m'zaka zimenezi. Mtengowo unaikidwa kuti uziopseza. Ntchito yake ndi kuuza munthu kuti chaka chamawa asadzayerekeze kubwera osalipiriratu. Ndiponso ukakwera chonchi umachititsa tikiti ya nyengo kuoneka ngati yotola, ngakhale nayonso yakhala ikukwera, mpaka madola 1,051 poyambira kugulitsa ya nyengo ya 2025 mpaka 2026.

Phindu la kampani pano ndi lalikulu kuposa mmene limaonekera. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Matikiti a nyengo amayamba kugulitsidwa mu Malichi, miyezi yambiri chisanu chisanafike, ndipo amatsekedwa kumayambiriro kwa Disembala. Pofika nthawi yoti zidziwike ngati chipale chigwe kapena ayi, ndalama zili kale kubanki. Chiopsezo cha nyengo yoipa, chimene kale chinkasenzedwa ndi mwini phiri, tsopano chasamukira pamutu pa wogula. Ndondomeko yobweza ndalama ilipo kwa amene wavulala kapena wachotsedwa ntchito, koma osati kwa amene wangokhumudwa ndi kuchepa kwa chipale. Komanso munthu amene walipira kale amafuna kupita kawirikawiri kuti ndalama yake isapite pachabe, ndipo ulendo uliwonse amagula chakudya, kulipira poimika galimoto, kubwereka zida, mwinanso kulembetsa ana kusukulu ya ski. Ku America zambiri mwa zimenezi ndi za kampani yomweyo.

Sindikunena kuti wogula tikiti ya nyengo wapusitsidwa. Ngati amakhala ku Denver kapena ku Salt Lake City, pafupi ndi mapiri, ndipo amapita mlungu ndi mlungu, akusewera motchipa kuposa mmene makolo ake ankasewerera. Amene ndikumumvera chisoni ndi munthu amene sanayesepo, ndipo akufuna kungolawa tsiku limodzi ndi banja lake. Mayi, bambo ndi ana awiri akulu akhoza kusiya madola oposa 1,000 pawindo asanabwereke jombo ngakhale imodzi. Munthu wotere sangagule tikiti ya nyengo ya masewera amene sakudziwa ngati awakonda. Amabwerera, ndipo sadzabweranso. Masewera amene amalanga wophunzira akudula mizu yawo yomwe. Zikuoneka kuti kampaniyo nayo inaona vutoli, chifukwa mu 2025, Rob Katz atabwereranso pa utsogoleri, inayamba kulola eni Epic Pass kugulira anzawo matikiti a tsiku pa theka la mtengo.

Bwanji ku Ulaya n'kotchipa?

Ku France kuli dera lotchedwa Les Trois Vallées, lolumikiza midzi ya Courchevel, Méribel, Les Menuires ndi Val Thorens, lokhala ndi njira zotsetserekamo zokwana makilomita 600. Ndi lalikulu kuposa malo alionse a ku America. Tikiti yake ya tsiku m'zaka zaposachedwapa yakhala pafupifupi mayuro 80, ndalama zosakwana madola 100. Ku Italy, tikiti ya Dolomiti Superski, imene inayamba mu 1974 ndipo imalowetsa munthu m'madera 12 okhala ndi njira za makilomita 1,200, imangopitirira pang'ono mayuro 80. Pali anthu a ku America amene amaona kuti kukwera ndege kupita ku Alps kwa mlungu umodzi sikusiyana kwenikweni ndi kupita ku Colorado opanda tikiti ya nyengo.

Zifukwa zake zilipo zingapo. M'mapiri a Alps muli makampani a zikepe mazanamazana, ambiri a midzi yomweyo kapena a mabanja akumeneko, ndipo chigwa china chikakweza mtengo mopambanitsa, mlendo amangopita chigwa chinzake. Ku France, lamulo la za mapiri la mu 1985 limaona zikepe ngati ntchito yothandiza anthu imene ili m'manja mwa makhonsolo. Kampani imangopatsidwa kontirakiti yoziyendetsa, ndipo khonsolo imakhala ndi mawu pa mitengo. Mudzi umene anthu ake ali ndi mahotela, malesitilanti ndi masitolo sufuna tikiti yothamangitsa alendo.

Koma poyerekeza mitengo tiyenera kusamala, pakuti katunduyo safanana ndendende. Ku America, dera lonse la mkati mwa malire a malowo limatetezedwa ku chipale chogumuka, ndipo munthu akavulala alonda amamutsitsa phiri osamulipiritsa. Ku Ulaya chitetezo chili pa njira zoikidwa zizindikiro zokha. Wopatuka m'njira wadziika yekha pangozi. Ku France wovulala ngakhale m'njira yovomerezeka amalandira bilu ya omunyamula, yomwe imafika mayuro mazana angapo, n'chifukwa chake ambiri amaonjezera mayuro ochepa pa tikiti kugula inshulansi yotchedwa Carré Neige. Ku Italy, kuyambira mu 2022, wosewera aliyense ayenera kukhala ndi inshulansi yolipira munthu amene angamugunde. Zimenezi zimachepetsako kusiyana, koma sizikufafaniza. Tikiti ya tsiku ya ku Alps imapatsa munthu phiri lalikulu pa gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wa pawindo wa ku Vail.

Kuyeza tsiku ndi maulendo otsika

Otsatsa malonda amakonda kutchula kukula kwa phiri ndi chiwerengero cha zikepe. Wogula wanzeru amawerenga china: watsika kangati?

Tiyerekeze kuti chikepe chimatenga mphindi 8 kukwera, ndipo kutsika kumatenga mphindi 10. Tsiku lopanda anthu ambiri, pamzere mumaima mphindi 2 zokha, ndiye ulendo wonse ndi mphindi 20. M'maola 6 mutsika ka 18. Tsiku la tchuthi, mzere ukafika mphindi 20, ulendo umodzi ukudya mphindi 38, ndipo mutsika ka 9 kokha. Ngati tikiti inali madola 300, ulendo umodzi wakwera kuchoka pa madola 17 kufika pa 33. Chowawa n'chakuti masiku a mizere yaitaliwo ndiwonso masiku amene tikiti imadula koposa, poti malo ambiri tsopano amasinthasintha mtengo potengera kuchuluka kwa ofuna kubwera. Munthu amalipira zambiri pa tsiku limene alandire zochepa. Ndipo matikiti a nyengo otchipa aja ndiwo athandiza kudzaza mizereyo, chifukwa chipale chikangogwa usiku, eni ake onse amadzukira kumodzi.

Chinanso ndi chakuti tikiti simalonjeza kuti phiri lonse likhala lotsegula. Mphepo yamphamvu imaimitsa zikepe za pamwamba. Kumayambiriro kwa nyengo njira zambiri zimakhala zisanakutidwe. Nthawi zina chifukwa chake chimakhala anthu. Pa 27 Disembala 2024, alonda a m'phiri pafupifupi 200 a ku Park City ananyanyala ntchito, akufuna kuti malipiro oyambira akwere kuchoka pa madola 21 kufika pa 23 pa ola. Sitalakayi inagwa pakati penipeni pa tchuthi cha Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano, ndipo inatha pa 8 Januwale 2025. Popanda alonda okwanira, gawo lalikulu la phiri linakhala lotseka, anthu n'kuunjikana pa zikepe zochepa, ena atalipira madola oposa 300 pa tsiku. Pambuyo pake kampani inalonjeza okhudzidwawo kuwachotsera mtengo pa matikiti a nyengo yotsatira. Nkhaniyi inaonetsa poyera kuti phiri la mamiliyoni limayenda chifukwa cha anthu amene tsiku lawo lonse la ntchito silikanakwanira kugula tikiti imodzi ya pawindo.

Kutalika kwa phiri nakonso kumalowa mu mtengo, makamaka pano pamene dziko likutentha. Mudzi wa Val Thorens uli pamtunda wa mamita 2,300, choncho chipale chake n'chodalirika kuyambira Novembala mpaka kumayambiriro kwa Meyi. Malo otsika akuvutika. La Sambuy, malo ang'ono a pafupi ndi Annecy ku France, anatsekedwa mu 2023 chifukwa nyengo yake ya chipale inafupika kwambiri moti ndalama sizinkabwereranso. Ku Bolivia, madzi oundana a phiri la Chacaltaya, komwe kunali malo a ski okwera kuposa ena onse padziko, anasungunukiratu pofika mu 2009. Wolipira zambiri kumalo okwera akugula chitsimikizo choti apeza chipale. Pa zifukwa zonse zokwezera mtengo, ichi ndicho chomveka kwa ine.

Phiri loyenera munthu wake

Njira zotsetserekamo zimaikidwa mitundu posonyeza kuvuta kwake. Ku France, yobiriwira ndi ya ophunzira, kenaka yabuluu, yofiira, ndipo yakuda ndi ya akatswiri. Munthu amene wavala ski koyamba amatha masiku ake oyamba pa kamtunda kamodzi kobiriwira ka m'munsi mwa phiri, akugwa ndi kudzuka. Makilomita 600 aja alibe nawo ntchito. Akagula tikiti ya phiri lonse, walipirira zikepe makumi ambiri zimene sadzazikwera. Malo ambiri ku Ulaya amagulitsa tikiti yapadera ya ophunzira, ndipo ena ali ndi zikepe za m'munsi zaulere. Ndi bwino kufunsa zimenezi musanatulutse ndalama.

Mapiri ang'onoang'ono akadalipo, ndipo ndiwo akulera osewera atsopano. Bogus Basin ndi Bridger Bowl ya ku Montana amayendetsedwa ndi mabungwe osafuna phindu, moti ndalama zotsala zimabwerera m'phirimo. Mad River Glen ku Vermont yakhala ya kopaletivi ya osewera eni ake kuyambira mu 1995, ndipo ikugwiritsabe ntchito chikepe cha mpando wa munthu mmodzimmodzi. Mu 2019 kunatuluka tikiti ya malo odziimira paokha, Indy Pass, yopatsa munthu masiku awiri pa phiri lililonse la m'gululo. Zikepe zawo zimayenda pang'onopang'ono, nyumba zawo zodyera ndi zakale, koma mwana amaphunzira bwinobwino pa mtengo umene makolo angaupirire.

Kwa amene ali ku South Africa, masewerawa sali kutali monga ambiri amaganizira. Ku Lesotho, m'mapiri a Maluti, kuli malo a Afriski, pamtunda wopitirira mamita 3,000, msinkhu wofanana ndi nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje. Kuchokera ku Johannesburg ndi ulendo wa maola pafupifupi asanu pa galimoto. Nyengo yake ndi Juni mpaka Ogasiti, njira yake yaikulu ndi ya kilomita imodzi, ndipo chipale chake chambiri ndi chopanga. Katswiri wozolowera Alps angatope nayo lisanafike dzuwa paliwombo. Koma kwa wophunzira, kilomita imodzi ndi yokwanira, ndipo sanalipire ndege yopita ku Ulaya.

Tikumbukirenso kuti tikiti ndi gawo chabe la ndalama za ulendo. Malo ogona, mayendedwe, zovala zotentha, kubwereka jombo ndi ski, ndi mphunzitsi, zonse pamodzi kawirikawiri zimaposa tikitiyo. Phiri la tikiti yotchipa lomwe lili ndi mahotela odula likhoza kutha ndalama zambiri kuposa linzake.

Ndiye funso lathu lija tiliyankhe motere. Kwa munthu wokhala pafupi ndi mapiri, amene amasewera masiku 10 kapena kuposerapo pa chaka ndipo angathe kulipiriratu, tikiti ya nyengo ya makampani aakulu ndi yoyenera ndalama zake, malinga avomere mizere ndi kusenza yekha chiopsezo cha chaka chopanda chipale. Kwa wosewera wodziwa amene ali ndi mlungu umodzi wokha pa chaka, madera aakulu a ku France, Italy ndi Austria amabweza zambiri pa yuro iliyonse. Koma tikiti ya pawindo ya madola 300 siyoyenera kwa wina aliyense, makamaka wophunzira. Ngati mukufuna kulawa masewerawa koyamba, sankhani phiri laling'ono, pitani pakati pa mlungu kunja kwa tchuthi, gulani tikiti ya ophunzira, ndipo ndalama zotsalazo mulipire mphunzitsi.